Kamphuno Kanamva Utsi

Mtsikana ndi mnyamata anakumana m'kalasi yobwereka, momwe mtsikanayo ankaphunzitsa anthu a m'dera kupanga tizipangizo toyezera utsi ndi fumbi mumpweya. Onse ankangomutchula kuti Aphunzi, ndipo kachipangizoko anakapatsa dzina loti kamphuno. Aliyense ankawotcherera yekha mawaya, n'kukapachika kamphuno kake kunyumba, manambala ake n'kumafika pa laputopu ya Aphunzi.

Maphunziro akatha anthu ankabalalika, iye n'kutsala akutola tizidutswa ta waya. Kunyumba kwake kunalibe ngakhale mphaka womulonjera.

Tsiku lina mnyamata uja, wokonza mafoni, anatsalira dala.

"Aphunzi, manja angawa akunjenjemera. Tandigwirirani waya."

"Munthu wokonza mafoni n'kunjenjemera ndi kawaya kamodzi?"

"Si waya ayi. Mwaima pafupi kwambiri."

Aphunzi anaseka mpaka kudzidabwa. Anali ataiwala kuti kuseka kumakoma chonchi.

Basi foni yake, yomwe kale inkangolira munthu akafuna batire, inayamba kusowa mpumulo.

"Wadya, wapamtima? Ine chakudya sichitsika ndisanamve mawu ako."

"Mvula ikangotha ndikaonekera kwanu. Ndalumbira, duwa langa."

Ndani akanakana mawu otere? Aphunzi anagwa m'chikondi mutu ndi miyendo yomwe. Koma akati akaone komwe mnyamatayo amakhala, yankho linali limodzimodzi.

"Nyumba ya mwamuna wokhala yekha ndi yochititsa manyazi. Ngakhale poto mulibe, ndimadyera kumsika."

Chodabwitsa, kamphuno ka m'nyumba yopanda potoyo kankamva utsi m'mawa, masana ndi madzulo.

"Ndi aneba amenewo, amaphikira pafupi ndi windo langa," anatero mnyamatayo, uku akumusisita dzanja.

Aphunzi anakhulupirira. Munthu amene wakhala yekha nthawi yaitali safunsa kawiri.

Kenako mnyamatayo anati wapita kutali kukagula zipangizo za mafoni. Mvula inkagwa osalekeza, ndipo manambala a kamphuno kake anakwera kuposa a wina aliyense. Lamulo limene Aphunzi anaika okha m'kalasi linali loti manambala akafika pamenepo, apite akaone. Anaganiza kuti kaonongeka, akafunsa aneba, mwina akakonze mwiniwake asanabwere. Mapu a pa laputopu anamulondolera mpaka pakhomo.

Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Ataodira, panatuluka mayi wobereka mwana, mwanayo akutsokomola ngati chifuwa ching'ambika. Pakati pa nyumba mbaula inali fuu, mawindo onse otseka. Kamphuno kanali pakhoma, pamwamba pa kabedi ka mwana.

"Ndinu Aphunzi, eti? Lowani, musanyowe," anatero mayiyo mwansangala. "Bambo ake a mwanayu amakutchulanitu. Angochoka kumene, ali kushopu."

Aphunzi analowa pang'onopang'ono.

"Amanditchula kuti chiyani?"

"Amati ndinu munthu wabwino. Kungoti mumamvetsa chisoni, mulibe wocheza naye."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa bodza lonse. Ndiye kuti kusungulumwa kwake inali nkhani yocheza pa chakudya m'nyumba muno?

Anakwera pampando n'kutsegula kamphuno. Waya uliwonse unali m'malo mwake, wowotcherera bwino ndi manja aja amene ankati akunjenjemera. Sikanaonongeke. Misozi inalengeza, mayiyo n'kupepesa poganiza kuti ndi utsi.

"Mayi, mbaulayi muziyatsira pakhonde ngakhale kugwe mvula. Tsegulani mawindo, ndipo mwanayu mupite naye kuchipatala lero lomwe."

"Zikomo, achemwali. Mulungu akupatseni banja labwino."

Aphunzi anangogwedeza mutu n'kutuluka. Asanafike pamsewu foni inalira. Unali uthenga wa mnyamata uja.

"Ndakusowa, duwa langa! Kuno ndili ndekhandekha."

Anaima pamvula n'kuwerenga mawuwo. Kenako analemba, zala zikuterera pagalasi.

"Mwana wako akutsokomola. Weruka msanga umuperekeze kuchipatala."