Kutsika ndi a Chancellor

Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo nkhaniyi ndakhala ndikuibisa ngati mimba ya pasukulu. Koma inachitika dzuwa likuswa mtengo. Upile wa ku ofesi kwathu anaona, Timothy mlonda wa pageti anaonanso. Mukafika ku Nairobi mukawafunse.

Bungwe lathu linakhala zaka zisanu ndi zitatu pa nsanjika ya 22 ya nyumba ina yagalasi lokhalokha ku Upper Hill. Anatisankhira malowo ndi a Chancellor, mnzanga wa ku Ntcheu, amene anaphunzira zojambula mapulani a nyumba koma ntchito inawaponya koyang'anira katundu wa bungwe. Nyumbayo ankaikonda ngati anaimanga okha. Mlendo aliyense ankamukokera pawindo n'kugogoda galasi ndi mphete yawo yaukwati. "Magalasi awiri awa, pakati pali mpweya. Hutala ya maminibasi aja amawati matatu siifika kuno, fumbi silifika." Ankafotokoza kuti pakati pa nyumbayo pali msana wa konkire umene wanyamula zonse, ndipo mphepo ikakula nsonga yake imagwedera dala kuti isathyoke. Ine ndinkawaseka kuti atitsekera m'botolo, chifukwa panalibe windo ngakhale limodzi lotseguka.

Masana tinkakhala pangodya yoyang'ana kummwera, tikukukuta mtedza wokazinga umene akazi awo, mayi Bernadette, ankawaikira m'kachitini. Tikaona ndege ikukwera cha ku Syokimau, kufupi ndi bwalo la ndege, tinkakangana ngati ndi ya kumudzi. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri.

A Chancellor anagwa padesiki Lachiwiri lina m'mawa, ndipo a ambulansi anapeza atatisiya kale. Mayi Bernadette anandiimbira akulira. "Alamu, ine sindifika msanga. Potuluka nawo muwauze kuti tikupita. Kwathu munthu satengedwa mwakachetechete."

Sindinawauze. Ojambula nyumbayo anakonza kuti zosasangalatsa zisamadutse kumaso: zinyalala, mipando yothyoka, ngakhale maliro, zonse zimatsikira lifiti yakumbuyo. Ndinalowa nawo m'menemo pamodzi ndi apolisi awiri ndi bwana wathu wachizungu, ndipo manyazi anandigwira. Munthu wovala tayi kumayankhula ndi mtembo? Ndinakhala duu mpaka pansi. Mayi aja atandifunsa, ndinati ndawauza.

Magetsi a m'nyumbamo amayaka okha akamva munthu akuyenda. A pangodya paja anayamba kumayaka popanda munthu. Amisiri anawasintha kawiri, osathandiza. Upile ankati amamva fungo la mtedza wokazinga, m'nyumba imene mpweya wake umasefedwa ndi makina. Ine ndinkamuuza kuti ndi njala, koma pangodyapo ndinasiya kupitapo.

Chaka chatha bungwe linaganiza zosamuka, ndipo eni nyumba anati agwetsa makoma onse a pansanjika yathu. Sabata yomaliza mayi Bernadette anaimba ali ku Ntcheu. "Alamu, ndikumawalota atavala jekete, chikwama m'manja, akufunafuna khomo. Munawauzadi?"

Ndinaulula. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa. Anangoti, "Kawatengeni."

Lachisanu masana maofesi anali mbee, mipando yonse itapita. Ndinapempha Upile kuti andiperekeze, iye anaima pakhomo. Ndinapita pangodya paja ndekha. Kunali zii, kungomveka makina a mpweya akupuma kudenga. Kenako galasi linalira. Kawiri. Kulira kwa mphete.

"Achimwene," ndinatero, "ndinakulakwirani. Tasamuka. Tiyeni tizipita."

Fungo la mtedza linandizinga. Lifiti sindinaifune. Ndinakankha chitseko cholemera cha kumasitepe, chija chimadzitseka chokha. Upile anadutsa, ine ndinadutsa. Chinakhalabe chotsegula kanthawi.

Ndinkatchula nsanjika iliyonse. "Pano ndi pa 19. Pano ndi pa 12, paja pa anthu a inshuwalansi munkawakana." Upile anali patsogolo, osacheuka. Masitepe a konkire amabweza phokoso lililonse. Nsapato za Upile. Zanga. Ndi zina pambuyo, zokwakwaza pang'ono mwendo wamanzere monga ankayendera.

Ndikaima, zinkaima. Mantha ndinali nawo, sindikana. Koma cha pa nsanjika ya 7 ndinapezeka ndikuwauza za mwana wawo amene wayamba ku koleji, misozi ili chuchuchu.

Pansi pali mageti agalasi otsegula ndi khadi, khadi limodzi munthu mmodzi. Upile anadutsa. Ndinadutsa. Geti linatseka, ndipo belu linalira, lija limalira wina akafuna kuzembera kumbuyo kwa mnzake. Kumbuyo kwanga kunalibe munthu.

Timothy anayang'ana ine, kenako malo opanda kanthuwo. Khadi la a Chancellor linafufutidwa kalekale.

"Ni mzee?" ananong'ona m'Chiswahili, kufunsa ngati ndi madala aja.

Ndinavomera ndi mutu.

Anavula chipewa n'kugunditsa khadi lake. Geti linatseguka. Pakapanda wodutsa limadikira kanthawi ndithu. Ulendo uno linatseka msanga, monga limachitira munthu akadutsa. Belu linaleka.

"Safari njema, mzee," anatero Timothy, kuwafunira ulendo wabwino.

Panja phokoso ndi fumbi zinatilandira. Ndisanatulutse foni m'thumba, inalira. Anali mayi Bernadette, mawu a munthu wongodzuka kumene.

"Alamu, ndinangoti nditsamireko pang'ono. Atuluka. Musawasiye pamsewupo."

Ndinaimitsa takisi, n'kutsegula zitseko ziwiri.