Mlonda Sachoka Womulandira Asanabwere

Leveni koloko usiku inali itadutsa kale pamene Indebwana ankatuluka mu ofesi ya kampani ya alonda, chimanjamanja, kalata imene anaidikirira tsiku lonse osaipeza. Dzina limeneli anam'patsa ndi anzake a pantchito, chifukwa munthuyu ngakhale mutamuponda phazi, wopepesa ankakhala iyeyo. Zaka khumi ndi chimodzi akulondera mageti a eni, sanagonepo pantchito, sanachedwepo. Koma sabata yathayo mkazi wake matenda a uchembere atamuyamba pakati pa usiku, iye anasiya geti kwa maola awiri n'kuthamangira naye kuchipatala. Sipanabedwe ngakhale msomali. Kungoti galimoto yoyendera alonda inafika n'kupeza mpando wokhawokha.

Basi, anamulanda chiphaso chaulonda. Ndipo lamulo la masiku ano silinyengerera munthu. M'mawa mwake, eyiti koloko, ankayenera kukaonekera ku bungwe lopereka ziphaso kuti akadziyankhire. Wosafika, chiphaso chimapitiratu. Wopezeka akulondera wopanda chiphaso, ameneyo ndi wakundende. Kunyumba kunali mapasa a masiku asanu ndi limodzi, ndipo ntchito ina iye sankaidziwa.

Tsiku limenelo anavala yunifolomu yochapa ndi yosita bwino, kuti mwina kapitawo amumvere chisoni n'kumulembera kalata yomuchitira umboni. Kapitawoyo anamukhazika pabenchi mpaka usiku, kenaka n'kuzembera khomo lakuseri. Anthu ena mitima yawo kaya anaiumba ndi chiyani!

Maminibasi anali atasiya kale kuyenda. Indebwana anaganiza zodula njira kudzera kumafakitale akale, kuti akagoneko pang'ono asanapite kumlandu. Msewu wake unali wamiyala, magetsi onse anafa kalekale. Uku ndi uku kunali zimpanda zazitali, mazenera osweka, udzu wofika m'chiuno. Ngakhale galu wouwa kunalibe. Ankangomva nsapato zake zokha, go, go, go.

Atafika pa geti lina ladzimbiri, anaona kuwala. M'kanyumba ka mlonda munkayaka nyali.

"Mwachedwatu, anzanga."

Pakhomo pa kanyumbako panaima bambo wachikulire, woonda, atavala jekete la kampani yawo yomweyo, koma la mabatani achitsulo, lija anasiya kalekale kupereka.

"Pepani, madala," anayankha Indebwana, osadziwa n'komwe chimene akupepesera.

"Lowani, kuno kuli kuwala."

Analowa pa kageti kakang'ono ka oyenda pansi. Madala aja anaima njo, miyendo pamodzi, n'kuyamba kulankhula mwa mndandanda.

"Malo ali bwino. Maloko atatu, onse ndi otseka. Palibe wolowa, palibe wotuluka. Tochi iyi. Buku ili. Landirani."

Aliyense amene anagwirapo ulonda akudziwa. Mawu amenewa akamveka, mutu suganiza, dzanja limapita lokha. Mlonda sachoka pamalo mnzake asanabwere kudzamulandira, ndipo wolandirayo akangosayina m'buku, malowo ndi ake mpaka naye adzalandiridwe. Indebwana anali atachita zimenezi madzulo alionse kwa zaka khumi ndi chimodzi. Anatenga cholembera, n'kulemba nthawi, n'kusayina.

"Ndalandira."

Madala aja anausa moyo kwa nthawi yaitali. Anavula chipewa, misozi ikulengeza m'maso.

"Ndiye kuti... ndingapite tsopano?"

"Pitani bwino, madala."

Anatuluka pa kageti kaja. Indebwana anawayang'ana akuyenda pamsewu wamiyala uja. Ankaponda ndithu, koma phokoso la nsapato kunalibe. Zii. Asanafike n'komwe pakona, mdima unawameza.

Apa m'pamene nzeru zinabwerera. Aa! Kodi ndikuchita chiyani? Kuno sanandiikeko! Chiphaso ndilibe!

Anaponya buku pampando, n'kuthamangira pa kageti. Kanali kotsegula. Msewu uwo, sitepe imodzi yokha. Anakweza phazi... phazi linakana. Anayesa linalo. Linakananso! Zinali ngati munthu wamugwira lamba kumbuyo. Anacheuka. Panalibe munthu.

Anathamangira kuseri kwa fakitale, udzu ukumukwapula kumaso. Anakwera mpanda, waya akumung'amba manja. Anadumpha.

Anagwera pakhomo pa kanyumba kaja.

Nyali ikuyakabe. Buku lili pampando, lotsegula.

Anakuwa. Anaitana dzina la mkazi wake. Mawu anangobwerera kuchokera m'zipupa. Anatulutsa foni, koma inali yakuda bii, chonsecho anaitchaja ku ofesi. Anadumphanso mpanda, mbali ina. Kanyumba komweko! Kachitatu anakwawa pansi pa waya. Komweko!

Mphamvu zitamuthera, anakhala pampando, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira. Anatenga buku lija n'kubwerera tsamba limodzi m'mbuyo. Zolemba zake zinali za munthu mmodzi, zopendekera kumanzere.

"Sikisi koloko. Wondilandira sanabwere."

Mzere wotsatira, chimodzimodzi. Wotsatira, chimodzimodzi. Anatembenuza tsamba, lina, linanso... masamba mazanamazana, mawu omwewo. Chakumayambiriro, pamene pepala linali litasanduka lachikasu, anapeza mzere wosiyana.

"Chifuwa chandithina, kupuma kukuvuta. Sindichoka. Ndili pa chenjezo lomaliza, angandilande chiphaso."

Indebwana analira. Analira ngati mwana, munthu wamkulu wa ndevu zake. Ankaganiza za mkazi wake amene pa nthawiyo ayenera kuti ankasuzumira pazenera, mwana mmodzi kubere, wina kumsana.

Kunacha. Dzuwa litatuluka anaona kuti nyali ija inalibe mafuta ngakhale chingwe, inali chitini chadzimbiri chabe. Denga la kanyumbako linali loboola, akangaude ali ponseponse. Anayesanso kageti. Phazi linakana.

Patapita nthawi anamva galimoto. Inali ija yoyendera alonda, ikubwerera ku ofesi kudzera njira yachidule. Inadutsa, kenaka n'kuima mwadzidzidzi. Kapitawo anatsika, mimba patsogolo.

"Iwe! Ukutani pamenepo ndi yunifolomu ya kampani? Ukulondera wopanda chiphaso? Ndikuitanire apolisi?"

"Bwana, thandizeni! Ndalandira malo ano usiku, ndiye ndikukanika kutuluka."

"Walandira kwa ndani? Kuno tilibe munthu."

"Kwa madala ena ake, oonda, a jekete la mabatani achitsulo. Buku lawo ili."

Analitambasula pamwamba pa geti. Kapitawo atangoona zolemba zija, anazizindikira. Anayang'ana wotchi yake, kaya chifukwa chiyani, n'kubwerera m'mbuyo.

"Bwana, nthawi ili bwanji?"

"Kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane eyiti."

"Ndiye ingosayinani apa kuti mwandilandira. Pa galimoto ndikafika nthawi yabwino. Chonde, bwana, ndili ndi makanda awiri. Sindinakukanireni kanthu chiyambire."

Anamutambasulira cholembera. Kapitawo anabisa manja kumbuyo.

"Ayi... ine ayi."

"Bwana!"

"Ukudziwa amene wakupatsa bukulo?" Mawu a kapitawo anali atasanduka ngati a munthu wodwala. "Eni fakitale ino atatseka, geti ili ndinalifufuta pa ndandanda. Ndinaiwala kuti pali munthu. Titakumbuka panali patapita masiku anayi. Tinawapeza pampando umenewo, atauma kale, buku lili pamiyendo. Maliro awo ndinanyamula nawo ineyo. Papita zaka zisanu ndi ziwiri."

Indebwana anagwira zitsulo za geti.

"Ndiye ine... ine nditani?"

Kapitawo anali atalowa kale m'galimoto. Anatsitsa galasi pang'ono, osamuyang'ana kumaso.

"Dikira pomwepo. Ndikutumizira wina."

Galimoto inanyamuka, fumbi kobo. Indebwana anaima mpaka phokoso lake litazimiririka. Kutali, fakitale ina yamoyo inaliza belu la eyiti koloko. Buku linamupulumuka m'manja n'kugwa pansi, litatseguka patsamba loyamba lenileni, limene usiku sanafikepo. Panali mzere umodzi wokha, wa zolemba zopendekera kumanzere zija.

"Akapitawo adutsa. Ati ndidikire pompano, anditumizira wina."