Mabotolo Odzaza M'thupi mwa Bambo

Kamphuno anaima pakhomo la chipinda cha bambo ake, dzanja limodzi atagwira beseni, linalo atatseka mphuno. M'chipindamo munkanunkha mkodzo, mankhwala ndi thukuta la munthu wosadzuka. Bambowo anali atatsamira pamapilo, zikope zitagwa, kukamwa kuli yasa. Dovu linali litatsika pachibwano mpaka kunyowetsa kolala ya malaya.

"Apukute msanga, phala likuzizira," anatero mchimwene wake wamkulu, akutakasa m'kapu ndi supuni.

"Ine sindingathe, achimwene. Taonani dovulo, ngati galu wachiwewe!"

Anatula beseni pansi mpaka madzi kukhavukira, n'kuthawira kusitolo kwawo, kutsogolo kwa nyumba.

Dzina loti Kamphuno anamupatsa ndi bambo akewo, chifukwa chakudya chilichonse ankayamba wachinunkhiza. Ndipo mphunoyo ndi imene inamupulumutsa. M'sitolomo munali lamulo: chitini chopindika kapena chotupa sichinkagulitsidwa, koma sichinkatayidwanso. Chinkapita kukhitchini. "Katundu sataya, mimba nayo ndi shelefu," bambo ankatero akuseka. Tsiku lina mayi anatsegula chitini cha nsomba chotupa ngati chule, chinachita kulira kuti fyuu. Kamphuno anakana kudya, makolo ake anamuseka kuti ndi wamatama. Iwo atadya, onse awiri anadwala mwakayakaya. Mayi sanabwereko kuchipatala. Bambo anabwerako patapita nthawi yaitali, ali chomwechi. Mchimwene wake anasiya koleji n'kudzaima kuseri kwa kauntala.

Chikwama cha Kamphuno chinali kale pansi pa kauntalayo, atalongedza. Mchimwene wake atalowa anachiona.

"Ulendo wa kuti?"

"Kwa azakhali. Anzanga akusukulu anasiya kubwera kuno, akuti yunifolomu yanga imanunkha chipatala. Ndipo ndikhale, ndichoke, iwowo sadziwa kanthu. M'thupi muja mulibenso munthu."

Mchimwene wake sanakalipe. Anakoka kireti ya zakumwa n'kuiika pakauntala, mabotolo ali gwedegwede.

"Kukoleji sindinabwereko ndi pepala," anatero, "koma kanthu kamodzi ndinatolako. Tamvera, ukatero uzipita. Mtsempha wochokera ku ubongo sugundana ndi mnofu. Pakati pamakhala kampata, ngati kauntala ili pakati pa iwe ndi ine. Kunsonga kwa mtsemphawo kuli timatumba ting'onoting'ono todzaza mankhwala, tondandalikana ngati mabotolo awa. Ubongo ukati tsegula diso, katumba kamasendera m'mphepete, kamatseguka, n'kukhuthulira mankhwala kutsidya. Mnofu umamva, chikope chimakwera."

"Timatumbato sititha?" anafunsa Kamphuno, nkhope ikadali yokwinya.

"Botolo likatha pano timalitaya?"

"Ayi. Lole imadzatenga, amakalidzazanso."

"Basi. Katumba kopanda kanthu kamabwerera m'kati, kamadzazidwanso, kamakhalanso pamzere. Tsiku lonse, pamene iwe ukukwinya kamphuno kakoko, ntchito imeneyi ili m'kati."

Kenako anadula chingwe cha chotsegulira mabotolo chimene chinkalendewera pamsomali, n'kuchiika m'thumba. Anamupatsa botolo limodzi.

"Tsegula."

Kamphuno anayesa ndi zala, anayesa ndi m'mphepete mwa kauntala. Chitsekerero sichinasunthe.

"Poizoni wa m'chitini muja anachita zimenezi," anatero mchimwene wake. "Anathyola zotsegulira. Mabotolo a bambo ndi odzaza onse, uthenga ulipo, ukungosowa potulukira. Koma makutu sanawakhudze. Mutu sanaukhudze."

Kamphuno anayang'ana botolo lija. Thovu linkakwera m'kati mwake n'kukathera pachitsekerero.

"Ndiye za galu zija..."

"Amva. Zadzulo zomwe anamva, pamene unkati mabulangete awo angotenthedwa. Malovu amene aja, iwowo akufuna kuwameza kuposa mmene iwe ukufunira kuti awameze."

"Simunandiuze bwanji?"

"Ndinkayesa mwana safunika sayansi kuti apukute bambo ake."

Mawuwo anamulasa. Anamva ngati m'kamwa mwake momwe mwaola.

"Achira?" anafunsa chapansipansi.

"Adokotala akuti mitsempha imaphuka nsonga zatsopano, koma mwapang'onopang'ono. Mayi mpweya unawathera zisanaphuke. Awa akudikira." Anabweza kireti pansi. "Basi ya kwa azakhali imadutsa masana. Ukadali ndi nthawi."

Kasitomala anagogoda pawindo kufuna sopo, ndipo mchimwene wake anatembenukira kumeneko. Kamphuno anatsala yekha ndi chikwama chake.

Atabwerera kuchipinda kuja, fungo linali lomwe lija. Linamufika pakhosi, anachita kumeza kawiri kuti asasanze. Anatola beseni, anaviika kansalu, n'kuyamba kupukuta chibwano, khosi, mpaka m'makwinya a pakona pa milomo mmene munali mutauma phala ladzulo. Dovu linali lofunda ndi lonanda. Sanatseke mphuno.

Atatha, anaika chala chachikulu pachikope cha bambo ake n'kuchikweza mosamala. Diso linali pomwepo, lonyowa, likumuyang'ana iyeyo ndendende, monga linkachitira akabwera mochedwa kuchokera kusukulu.

"Bambo, ndine," anatero. "Pepani."

Milomo ya bambowo inagwedera kwa nthawi yaitali, ngati munthu akukankha chitseko chothina.

"Ka... mphu..."

Dovu latsopano linatsika n'kugwera padzanja lake. Kamphuno sanalichotse dzanjalo.

"Kununkha kokha mukununkhadi, bambo, sindinama," anatero akuseka, misozi ili chuchuchu. "Ndikatenthetse madzi. Koma muyambe mwandiona kaye ndi diso linalo."

Ndipo anakweza chikope chachiwiri.