Akuti ndi Lumo Lobuntha

Panali mtsikana wina wamng'ono. Aliyense ankamuitana kuti Akuti. Dzinali anamupatsa ndi Agogo ake aamuna. Mwanayu ankakonda kutumidwa. Akafika, ankayamba ndi mawu omweomwewo.

"Akuti bwerani."

"Akuti dikirani."

"Akuti madzi atha."

Basi, dzina linakhala lomwelo.

Akuti ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kumvanso Agogo akuseka.

Kale Agogo anali ndi kashopu. Ankanola mipeni. Ankanola nkhwangwa. Ankanola malumo. Mwala wonolera unkazungulira. Unkalira kuti shwii, shwii! Timoto tinkathetheka. Akuti ankakhala pakampando, maso ali tong'o.

Kuseri kwa khoma kunali shopu ya a Ometa. Khomalo linali la matabwa. Linali ndi bowo. Agogo ndi a Ometa ankalankhulana pabowopo tsiku lonse. Zimene ankauzana, Akuti sankazimva. Mwala unkasokosa. Iye ankangomva kuseka. Koma ndiye kunali kuseka masiku amenewo!

Kenako mwendo wa Agogo unayamba kupweteka. Kashopu kanatsekedwa. Mwala uja anauika kuseri kwa chitseko, kunyumba. Anauvundikira ndi nsalu. Agogo ankangokhala pawindo. Osalankhula. Osaseka. M'nyumba munali zii. Akuti zinkamumvetsa chisoni kwambiri.

Tsiku lina pochokera kusukulu, Akuti anadzera msewu wakale uja. Pakashopu panali loko wadzimbiri. A Ometa anali pakhomo pawo, lumo lili m'manja.

"Iwe Akuti!" anaitana a Ometa. "Nkhalamba yaulesi ija ili moyo? Ukaiuze kuti lumo langa labuntha ngati mutu wake!"

Mayo ine! Akuti anagwira pakamwa. Mawu oterewa akawauze Agogo? Ayi ndithu. Ali panjira, anawakonza mawuwo. Anawathira shuga.

"Agogo, a Ometa akuti moni. Akuti mukupeza bwanji?"

Agogo anayang'ana pansi.

"Moni?" anatero motsitsa mawu. "Iye uja wandipatsa moni? Ndiye kuti wandiyesa mlendo."

Anatembenukira kuwindo. Tsiku limenelo sanadye bwino.

Mawa lake Akuti anadzeranso msewu uja.

"Iwe Akuti!" anaitana a Ometa. "Nkhalamba ija sinayankhe? Ukaiuze kuti mphaka wanga amagwira ntchito kuposa iyo!"

Akuti anagwiranso pakamwa. Ali panjira, anawakonzanso mawuwo. Anawathiranso shuga.

"Agogo, a Ometa akuti mupumule bwino."

"Ndipumule?" anatero Agogo. "Basi. Mnzanga wanditaya."

Anatembenukiranso kuwindo. Akuti anadabwa. Iye ankafuna kuwasangalatsa. Nanga chinkalakwika n'chiyani?

Lachisanu kusukulu kunali phunziro la Chingerezi.

"Lero tiphunzira kunena zimene wina wanena," anatero Aphunzitsi.

Akuti anakhala tsonga. Imeneyi inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku!

Aphunzitsi analemba pabolodi: "I am hungry." Pansi pake analemba: He said that he was hungry.

"Mwaona?" anafunsa Aphunzitsi. "'Ine' wasanduka 'iye'. 'Pano' amasanduka 'paja'. 'Lero' amasanduka 'tsiku lija'. Koma uthenga sunasinthe. Munthuyo ali ndi njalabe."

Ana onse anaseka. Akuti sanaseke. Anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga mawuwo akakhala osakoma? Tingawakonze?"

"Ukawakonza, si mawu akenso, mwana wanga," anatero Aphunzitsi. "Amakhala mawu ako."

Kenako anawapatsa ntchito yokalembera kunyumba. Aliyense akalembe chinthu chimodzi chimene munthu wakwawo wanena.

Akuti anafika kunyumba. Anaima pafupi ndi windo. Anapinda manja kumbuyo.

"Agogo, ndinakunamizani," anatero. "A Ometa sananene kuti moni."

"Nanga anati chiyani?"

Akuti anayankha motsitsa mawu.

"Anati ndinu nkhalamba yaulesi."

Agogo anatembenuka.

"Anati lumo lawo labuntha ngati mutu wanu."

Maso a Agogo anakula.

"Anatinso mphaka wawo amagwira ntchito kuposa inu."

Akuti anatsinzina. Anadikira kukalipiridwa.

"Ha! Ha ha ha!"

Agogo anaseka. Anaseka mpaka kumenya bondo. Amayi anathamanga kuchokera kukhitchini, chipande chili m'manja.

"Bambo, kodi mwatani?" anafunsa Amayi.

"Ameneyo ndiye mnzanga!" anatero Agogo, akupukuta misozi. "Zaka makumi atatu takhala tikunyozana pabowo paja. Moni sitinapatsanepo. Moni wathu ndi ameneyo."

Akuti anatsegula maso. Kani kuseka kuja kunkachokera pamenepa!

"Thamanga, mdzukulu wanga," anatero Agogo. "Ukamuuze kuti amameta anthu ngati mbuzi ikudya udzu. Usathire shuga!"

Akuti anathamanga. Anafika ali wefuwefu.

"Akuti mumameta anthu ngati mbuzi ikudya udzu!"

A Ometa anaseka mpaka kukhala pansi.

"Eya! Tsopano ndadziwa kuti ili moyo," anatero. "Ndimati mwina yandiiwala."

Loweruka m'mawa kunamveka kugogoda. Anali a Ometa. Anabweretsa malumo atatu m'thumba.

"Waulesi iwe, dzuka!" anatero ali pakhomo.

"Ine sindine waulesi! Lowa, mbuzi iwe!" anayankha Agogo.

Amayi anachotsa nsalu pamwala paja. Anapukuta fumbi. Agogo anakhala pampando, mwendo wopweteka uli patsogolo. A Ometa anazunguza chogwirira. Mwala unalira kuti shwii, shwii! Timoto tinathetheka ngati kale.

Akuti anatenga kope lake. Analemba mosamala. Kenako anawerenga mokweza: "Grandfather said that he was not lazy."

"Kumeneko n'kutani?" anafunsa a Ometa.

"Akuti iwo si aulesi," anatero Akuti.

"Bodza limenelo! Fufuta!"

"Sindifufuta," anatero Akuti. "Ndi mawu awo. Ine ndangolemba zimene anena."

Agogo anasekanso. Amayi anaseka. A Ometa nawo anaseka.

Tsiku limenelo palibe amene anamutuma Akuti. Anakoka kampando kake kakale kaja. Anakaika pafupi penipeni, pakati pa awiriwo. Ulendo uno anamva mawu onse.