Diresi la Munthu Wamoyo

Fungo la m'chipinda cha apongozi linali litalowerera paliponse: m'makatani, m'nsalu za makasitomala, ngakhale m'tsitsi la Telala. Mayiyu ankasoka zovala pabalaza, ndipo anthu ankangomuitana ndi dzina la ntchito yakeyo. Chifereni ziwalo mbali imodzi, apongozi ake ankadziipitsira pabedi pomwepo. Mwamuna wake, dalaivala wa mathiraki, ankakhalitsa panjira, choncho beseni, sopo ndi zilonda zakumsana zonse zinagwera iye.

Koma chimene chinkamunyansa koposa fungo chinali chimwemwe chawo. Munthu wogona m'zoipa zake, dovu lili chuchuchu pachibwano, n'kumathokoza Mulungu ndi kukamwa kopotoka! Telala ankaona ngati akumuseka. Iye anasiya kupemphera kalekale mimba zake zitayamba kupita padera, ndipo apongozi omwewa, ali ndi mphamvu zawo, ndiwo ankamunena kuti ndi dengu lobooka.

Lamulungu lina masana kunabwera alamu ake awiri, ana aakazi a mayi wodwalayo. Anachokera kutchalitchi, ali mbee, akununkhira perefyumu. Anaima pakhomo la chipinda atatseka mphuno ndi mipango, napemphera mokweza kuti oyandikana nawo amve. Ameni asanazizire, wamkulu anali atatsegula kale wadiropu.

Anayamba kugawana zinthu mwini wake akuyang'ana. Wamng'ono anayesa nsapato, wamkulu anadziyeza diresi loyera limene amayi awo ankavala akamatsogolera mapemphero a azimayi. Anakanganirana mabulangete ngati agalu pafupa. Kenako wamkulu anatuluka kubalaza n'kusisita makina osokera.

"Awa ndi a amayi, alamu. Munangobwereka. Tiwatenga lero, kuopa mikangano pamaliro."

Makinawo ndiwo ankadyetsa nyumba yonse, ndiwo ankagula mankhwala a zilonda zija. Telala asanayankhe, kuchipinda kunamveka wamng'ono akudzuma ngati asanza. Amayi anali atadziipitsira.

"Alamu, tathamangani mudzachotse izi," anatero wamng'onoyo, akubwerera chambuyo.

Telala anaponya thaulo pansi. Misozi inali ikutsika, koma mawu ake sananjenjemere. "Beseni ilo, sopo uyo. Amayi anu ndi awa. Anakubalani, anakupukutani muli makanda. Inu mukudziwa mtundu wa nsapato zawo, ine ndikudziwa mtundu wa mafinya awo. Ndatopa."

Analonga zovala zake m'chikwama, namenyetsa chitseko mpaka chithunzi chaukwati chinagwa pakhoma. Anapita kukadikira basi kumsewu. Ali pamenepo, galimoto ya alamu inamudutsa, makina ake atasuzumira kubuti. Alamuwo anali asanakhale ndi amayi awo ngakhale nthawi yofunditsa madzi.

Basi inabwera, kondakitala anamukodola, koma iye sanakwere. Anabwerera akudzitukwana yekha.

Anapeza apongozi ali chomwecho, osafunda, chifukwa bulangete nalonso linali litapita. Ntchentche zinali zitayamba msonkhano. Telala anathamangira panja n'kusanza, anatsuka m'kamwa, nabwera ndi madzi ofunda. Powatembenuza anaona kuti pilo yanyowa ndi misozi, koma nkhope yawo inali yowala monga mwa masiku onse. Zimenezo zinamukwiyitsa.

"Amayi, ana anu akuikani m'manda muli moyo. Mukukondwera chiyani?"

Apongoziwo analankhula movutikira, liwu lililonse ngati akulikoka m'chitsime. "Zimapweteka, mwananga. Ndimadzimva ndekha kununkha. Koma ndili ndi mphamvu ndinali wonyada, ndinakulasa ndi pakamwa panga. Pabedi pano Yesu wandipeza ndilibe chodzitama nacho, ndipo sanatseke mphuno. Bedili ndi pongodikirira basi. Kumene ndikupita kulibe zilonda. Chimenecho palibe anganyamule pagalimoto." Anapuma, kenako dzanja lawo lamoyo linafufuza la Telala. "Undikhululukire."

Telala anaviikanso thaulo m'madzi. Anapitiriza kupukuta, misozi ikugwera m'beseni. Atamaliza anawafunditsa nsalu yake, nakhala pamphepete pa bedi, dzanja lija osalisiya. Fungo linalipobe. Chimene chinachoka ndi mwala umene unkamutsamwa pamtima.

Mlungu wotsatira alamu aakulu anavala diresi loyera lija kutchalitchi. Azimayi amene anapemphera ndi amayi awo zaka zambiri analizindikira nthawi yomweyo. Potuluka, mmodzi anawagwira mkono pagulu n'kuwapepesa, akufunsa chifukwa chake maliro a mtsogoleri wawo anachitika mobisa. Nkhani inafala ngati moto wolusa. Tsiku lomwelo azimayiwo anadzaza nyumba ya Telala ndi sopo ndi zofunda, nagwirizana zomalandizana ntchito yosamala wodwala. Mwamuna wa Telala atamva pafoni, anauza alongo ake kuti asadzamutchenso mchimwene makinawo asanabwerere.

Anabwera nawo Lachitatu, alamu aakulu okha, opanda perefyumu, maso ali pansi. Anaika makina pamalo pake, nalowa kuchipinda atapinda diresi m'manja. Telala anaima pakhomo, osawapatsa mpando. Anafuna kuwalavulira, koma anameza.

Alamuwo anagwada pafupi ndi bedi, mpango uli m'thumba. Anangoyamba kulira. Amayi awo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka ndi theka la nkhope lija.

"Lisunge diresilo, akuti linakukhala bwino. Ine akandiveka lina kumwamba. Koma poti wagwada kale, usadzuke. Alamu ako akuphunzitse katembenuzidwe ka munthu."

Telala anapinda manja a bulauzi. "Gwirani paphewa apa, alamu. Ndipo muzipumira m'kamwa."