Mpando wa Kumbuyo kwa Dalaivala

Kwathu ku Pasig mukafunsa nyumba ya anthu abwino, ngakhale galu akulozerani kwa Mang Celso. Bambowa ankakhoma mabenchi a m'tchalitchi, olimba moti chigumula china chitawakokolola anakapezeka kunyanja ali m'mizere, akudikira wansembe. Ndinaona ndekha, kapena amene anandiuzayo ndiye anaona. Akazi awo, Aling Luring (kwathu Mang ndi bambo, Aling ndi mayi), ankasoka mayunifolomu a ana asukulu. Panyumbapo mpunga sunkadyedwa osapempherera.

Mwana wawo Arnel anali mnyamata wamtali, wa mapewa oti n'kunyamulira chitseko. Koma ulesi wake! Akayasamula ankadikira mphepo kuti imutsekere pakamwa. Bambo ake akamuitana kuti adzagwire sowo, iye ankati msana. Tsiku lonse ankangokhala pa mlatho wa oyenda pansi umene umadutsa pamwamba pa msewu wa C-5, kuonerera malole akupanikizana.

Pamlathopo ndi pamene anadziwana ndi Boyet. Ameneyu ankavala malaya oyera mbee, chikwama chachikopa kumanja, ndipo tonse tinkamutcha Loya ngakhale m'chikwamamo munkangokhala chipeso ndi nthochi. Ntchito yake inali kununkhiza ngozi. Lole ikagunda chinthu, iye ankafika mabuleki asanasiye kulira.

"Aise, kugona umakutha, ndakuona," anatero Boyet. "Ndiye ukugoneranji ulere? Uzikagona pafupi ndi tayala, eni lole azikulipira."

Ulendo woyamba lole inangokhudza ngolo ya wogulitsa kokonati. Arnel anadzigwetsa paphula n'kuyamba kubuula. Dalaivala, poopa kukagona kupolisi, anaimbira bwana wake, nkhani n'kuthera pomwepo, Boyet atatenga mbali yonona. Arnel anafika kunyumba atavala nsapato zofiira.

Mayi ake anaziyang'ana osasiya kupalasa makina. Atamufunsa kumene wapeza ntchito, iye anati akuthandiza loya.

"Mwanawe, loya weniweni sakhalira pamlatho. Nsapato zimenezo uvulire panja, muno sizilowa."

Bambo ake anamuchenjeza kuti tsiku lina lole siidzaima. Arnel anaseka, nati amadziwa kusankha tayala. M'miyezi itatu anagundidwa kasanu, koma bala lalikulu pathupi pake linali la udzudzu.

Kenako inachitika ngozi yeniyeni, masana dzuwa lili paliwombo. Lole ya miyala inaduka mabuleki n'kugunda jipini, minibasi yakwathu yolowera kumbuyo, yodzaza anthu cham'mbali, kumbuyo pang'ono kwa dalaivala. Fumbi lisanatsike, anthu akulira, Arnel anatsika pamlatho liwiro lomwe sitinaliganizirepo, nalowera khomo lakumbuyo, nadzipaka magazi amene anali pampando, n'kugona. Boyet anamunong'oneza kuti apolisi akamalemba anene kuti anakhala kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala, poti pamene paphwanyika kwambiri chipukutamisozi chakenso chimakula.

Koma mpandowo unali ndi mwini wake. Anali Aling Pacing, mayi wamasiye wochapa zovala za anthu, ndipo mwendo wawo unathyoka pawiri. Anatulutsidwa atakomoka, anthu achifundo n'kuthamangira nawo kuchipatala apolisi asanafike. Dzina lawo silinalembedwe. Linalembedwa la Arnel.

Loya wa kampani ya lole, munthu wochenjera ngati khoswe wa padoko, anagwira pomwepo. Tsiku la mlandu wa chipukutamisozi anati anthu awiri sangakhale pamalo amodzi. Mnyamatayu ali m'buku la apolisi, ndiye kuti mayiwa mwendo anakathyolera kwina, mwina anaterereka pochapa, choncho kampani siilipira opaleshoni yawo.

Aling Pacing anaimirira atatsamira ndodo. "Bwana, ine ndinalipo. Ndalama za anthu onse zinkadutsa mwa ine."

Pajatu mu jipini mulibe kondakitala. Munthu umapereka ndalama kwa woyandikana naye, ndalamayo n'kumayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa wokhala kumbuyo kwa dalaivala, chenji n'kubwerera njira yomweyo. Kumaso sitiyang'anana, ungaoneke wamwano. Timangoona dzanja. Woweruza, amene nayenso anakulira m'majipini, anafunsa okwera aja kuti dzanja lomalizalo linali lotani. Ena anati mutu unasokonezeka, sakukumbuka. Koma mtsikana wina wophunzira unamwino anati linali lokhakhala, ndipo chenji chake chinabwera chikununkhira sopo.

"Nonse awiri, manja patebulo," anatero woweruza.

Manja a Aling Pacing anali ong'aluka, zikhadabo zitadyeka ndi madzi. A Arnel anali ofewa ngati buledi wongophula kumene, osalala moti ntchentche itaterapo inaterereka n'kubinya khosi. Khoti lonse linaseka.

Loya wa kampani uja sanaseke. Anati manja si umboni. Ngati pali chikayiko, onse awiri achotsedwe pamndandanda, nkhani ithe. Boyet, ali pabenchi lakumbuyo, anatsinzinira Arnel diso kuti angokhala chete. Ndipo kunena zoona, akanakhala chete akanatuluka ndi miyendo yake osamangidwa, Aling Pacing n'kubwerera kwawo ndi mwendo wokhota, osadzaimanso pa beseni. Mang Celso ndi akazi awo anali momwemo, atazolika.

Arnel anayang'anitsitsa manja anayi aja, kenako anayankhula.

"Bwana woweruza, ine m'jipinimo sindinalimo. Ndinalowa itagundidwa kale. Magazi amene ndinadzipakawo anali a mayiwa."

"Mnyamata iwe, ukudziwa kuti ukudzitsekera wekha?"

"Ndikudziwa, bwana."

Anatembenukira kwa Aling Pacing napepesa. Mayiwo anangochotsa manja awo patebulo n'kuwabisa m'siketi.

Arnel anagamulidwa kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha umboni wabodza. Apolisi atacheuka kufuna Boyet, anapeza palibe. Ena amati anatulukira pabowo la kiyi, ndipo ine sinditsutsa. Kampani inalipira, Aling Pacing anachitidwa opaleshoni, lero akuyenda ngakhale motsimphina.

Koma chimene ife a ku Pasig timanyadira ndi ichi. Pomutulutsa m'khoti atamangidwa unyolo, anthu ataunjikana kudzaona wakuba wa pangozi, Mang Celso anavula chipewa, nayenda pambali pake mpaka pagalimoto ya ndende, mutu uli m'mwamba. Wina atafunsa monyoza kuti kodi ameneyu ali ndi makolo, bambowo anayankha mokweza kuti onse amve.

"Ndi mwana wanga uyu. Dzulo ndikanachita manyazi kunena. Lero ndikunena."

Achinyamata, musatengeke ndi mathero okomawa. Arnel anapulumukira pakamphindi kamodzi kokha, ndipo dzina lake likadali m'mabuku a apolisi. Akapita kofunsira ntchito amamubweza pachipata. Ulesi umayamba ndi kuonerera, kenako umakutumani kunama. Mukanamizira kuvulala pangozi, musadzinyenge kuti mukubera kampani. Mukubera munthu amene wagona m'chipatala, amene sangathe kudzuka kuti adzinenere yekha.