Bedishiti Yathu Ndi Iti?

Dainesi anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala kufupi ndi Milepa. Loweruka lina anadzuka ndi ganizo limodzi.

Amayi ake anali kuchipatala. Kumeneko kunali kutabadwa mwana. Ababa ake anatenga njinga kukawatenga.

"Ndichapa bedishiti ya amayi," anatero Dainesi. "Mwana wathu agone poyera."

Bedishitiyo inali imodzi yokha m'nyumba monse. Inali yoyera. Inali ndi maluwa achikasu.

Dainesi anapita nayo kumjigo. Anaiviika m'beseni. Anaipaka sopo. Anachapa, anachapa, anachapa. Kenako anatsukuluza. Koma kufinya ndiye inali nkhondo! Manja anali aang'ono. Bedishiti inali yaikulu.

Pamjigopo panali anansi awiri. Panali mayi a Lajabu. Panalinso mayi a Timoti. Nawonso ankachapa. Anamuthandiza kufinya. Onse anayanika zochapa zawo pa udzu.

Masana kunabwera kamvuluvulu. Fuu! Mabedishiti anauluka. Anakagwa mulu umodzi m'munda wa nandolo.

Dainesi anathamanga. Anatola yoyamba. Inali yoyera, ya maluwa achikasu. Anatola yachiwiri. Inali yoyera, ya maluwa achikasu. Anatola yachitatu. Inali yoyera, ya maluwa achikasu!

Dainesi anangoti kukamwa yasa.

"Yathu ndi iti?" anafunsa.

"Mayo ine!" anatero mayi a Lajabu. "Tinagula tsiku limodzi ku Namadzi. Ine, mayi a Timoti ndi mayi ako. Tinagula kwa munthu mmodzi."

Mayi a Timoti ananunkhiza zonse zitatu. Sopo anali yemweyo.

Mayi a Lajabu anayeza ndi mikono. Kutalika kunali komweko.

Dainesi anawerenga maluwa. Anawerenga, anasokonezeka. Anayambiranso, anasokonezekanso.

"Bwanji aliyense angotenga iliyonse?" anafunsa Dainesi.

"Iyayi, mwanawe," anatero mayi a Lajabu. "Bedishiti sasinthana. Aliyense amagonera yake."

Dzuwa linayamba kupendeka. Amayi anali pafupi kufika. Nanga mwana agona pati?

Tsono Dainesiyu anali ndi chinsinsi. Mwezi wathawo anaseweretsa simbi ya makala. Ankafuna kusita ngati munthu wamkulu. Khala linagwa. Linaboola bedishiti m'mphepete. Kabowo kanali ngati nandolo mmodzi. Dainesi anabisa mbali imeneyo kunsi kwa matiresi. Sanauze munthu aliyense.

Anene kapena asanene? Akanena, amayi amva. Akapanda kunena, mwana alibe pogona.

Dainesi anayang'ana pansi. Anachita manyazi kwambiri.

"Yathu ili ndi bowo," anatero motsitsa mawu. "Ndinaiwotcha ndine. Amayi sakudziwa."

"Wachita bwino kunena," anatero mayi a Timoti. "Tiyeni tifune bowolo."

Anatambasula yoyamba. Bowo panalibe. Anatambasula yachiwiri. Bowo panalibe. Anatambasula yachitatu. Bowo panalibe!

Apa mutu wa Dainesi unaima.

"Kodi sopo amachotsa bowo?" anafunsa. "Kapena lauluka ndi mphepo?"

Mayi a Timoti anaseka mpaka misozi. Koma mayi a Lajabu sanaseke. Anayendetsa chala m'mphepete mwa nsalu. Anayendetsa pang'onopang'ono. Kenako chala chinaima.

"Tabwera uone apa," anatero.

Dainesi anasuzumira. Panali kaduwa kakang'ono. Sikanali ngati maluwa enawo. Kanali kosoka ndi singano. Ulusi wake unali wachikasu.

Dainesi anaudziwa ulusiwo. Ndi womwe amayi anasokera diresi lake litang'ambika.

"Ndi yathu!" anafuula. Kenako anafunsa, "Ndiye kuti amayi akudziwa?"

"Mayi saona ndi maso okha," anatero mayi a Lajabu. "Thamanga, dzuwa lapita."

Dainesi anakung'untha fumbi. Anapinda bedishiti bwinobwino. Anaisenza pamutu. Pambuyo pake anamva mayi a Timoti akufunsa.

"Nanga ziwirizi, yanga ndi iti?"

Kunyumba, Dainesi anayala pabedi. Anakoka uku. Anakoka uko. Mbali ya kaduwa sanaibise.

Ngiri ngiri! Belu la njinga linalira. Ababa anali kukankha njinga. Amayi anakhala kumbuyo, mwana ali m'manja.

Atalowa m'nyumba, Dainesi anagwada.

"Amayi, bedishiti ndinaiwotcha ndine. Pepani."

Amayi anamwetulira.

"Ndinaona tsiku lomwelo, mwanangu," anatero. "Ndinkangodikira kuti unene wekha."

"Simunakwiye?"

"Ndinakwiya pang'ono. Kenako ndinatenga singano."

Mtima wa Dainesi unakhala pansi. Anasangalala kwambiri.

Amayi anagoneka mwana pabedi. Anamugoneka pafupi ndi kaduwa kaja. Mwana anatambasula timiyendo. Anayasamula. Kenako pansi pake panayamba kunyowa.

"Amayi!" anatero Dainesi. "Wanyowetsa! Ndachapa lero lomwe!"

Ababa anaseka. Amayi anaseka. Dainesi nayenso anaseka.

"Mawa upitanso kumjigo," anatero ababa.

"Ndipita," anayankha Dainesi. "Kamvuluvulu abwere ngati akufuna. Yathu ndikuidziwa tsopano."